Messi akulowa, antchito 2,500 akutuluka: mmene mtima wa ntchito unafera ku Byju's

Pa 18 Malichi 2022, antchito a kampani ya WhiteHat Jr ku India analandira kalata yochokera kwa mabwana awo. Aliyense amene ankagwirira ntchito kunyumba anapatsidwa mwezi umodzi kuti akaonekere ku ofesi. Maofesiwo anali ku Mumbai, Bengaluru ndi Gurugram, mizinda imene lendi yake ndi yoboola m'thumba. Ambiri mwa antchitowa analembedwa ntchito mliri wa Covid-19 uli pachimake, ali kwawo m'matauni akutali, ndipo ofesi ya kampani yawo anali asanaipondemo n'kamodzi komwe. Ena anali ndi ana pasukulu, ena ankasamala makolo odwala. Pasanathe miyezi iwiri, nyuzi za ku India zinalemba kuti anthu oposa 800 asiya ntchito.

Ena mwa osiyawo anauza atolankhani kuti kalatayo inali njira yochotsera anthu popanda kuwachotsa. Munthu wosiya yekha ntchito salandira zimene wochotsedwa amalandira, ndipo dzina la kampani silida m'nyuzi. Kaya mabwana analidi ndi cholinga chimenecho kaya ayi, chimene chikuoneka n'chakuti antchito ambiri sanavutike kukhulupirira zoipa za kampani yawo. Anthu safika pamenepo tsiku limodzi.

WhiteHat Jr inayambitsidwa mu 2018 ku Mumbai ndi Karan Bajaj, munthu amene anagwirapo ntchito m'makampani akuluakulu komanso wolemba mabuku. Malonda ake anali ophunzitsa ana kulemba mapulogalamu a kompyuta, mwana mmodzi ndi mphunzitsi mmodzi, akuonana pa intaneti. Ana ena ankayamba ali ndi zaka 6. Aphunzitsi onse anali amayi, ndipo kampani inkanyadira zimenezi: amayi ophunzira bwino, amene ukwati kapena uchembere unawabweza pakhomo, tsopano ankapeza ndalama zawozawo ali pabalaza. Chiwerengero chawo chinafika cha m'ma 11,000. Palibe chifukwa chonyozera zimenezi. Kwa amayi ambiri inali ntchito yeniyeni, yobwera pa nthawi imene makomo ena onse anali otseka.

Mu Malichi 2020 sukulu za ku India zinatsekedwa chifukwa cha mliri. Mu Julayi boma linatulutsa ndondomeko yatsopano ya maphunziro imene inatchula zophunzitsa ana luso la mapulogalamu kuyambira kalasi 6. Makolo anali ndi ana m'nyumba tsiku lonse, ali ndi mantha kuti anawo atsalira. Mu Ogasiti chaka chomwecho, kampani ya Byju's inagula WhiteHat Jr pa mtengo wa madola 300 miliyoni, pamene WhiteHat Jr inali isanakwanitse n'komwe zaka ziwiri.

Mwana amene kunalibe

Amene anali ku India masiku amenewo amakumbukira dzina la Wolf Gupta. Anali mwana wa m'zotsatsa malonda za WhiteHat Jr, amene ankati anaphunzira za kompyuta ali wamng'ono n'kupeza ntchito ya ndalama zankhaninkhani ku Google. Zaka zake zinkasintha, apa zina, apo zina, malipiro akenso chimodzimodzi. Wolf Gupta kunalibe. Mu Okutobala 2020 bungwe loona za kutsatsa malonda m'dzikomo, la ASCI, linauza kampaniyo kuti ichotse zotsatsa zake zisanu chifukwa zinali zosocheretsa anthu.

Katswiri wina wa mapulogalamu, Pradeep Poonia, anayamba kudzudzula kampaniyo poyera, ndipo anatulutsa zithunzi za mauthenga amene ankati antchito ankatumizirana pa pulogalamu ya Slack. Mavidiyo ake ankachotsedwa pa YouTube. Mu Novembala 2020 Bajaj ndi kampani yake anamusumira ku khoti lalikulu la Delhi, kufuna chipukutamisozi cha marupi 200 miliyoni. Mlanduwo anauchotsa okha mu Meyi 2021, ndipo mu Ogasiti Bajaj anachoka pa kampaniyo.

Pa mkangano wonsewu, munthu amene sankatchulidwa kawirikawiri ndi mphunzitsi. Zotsatsa sanalembe ndi iye, mtengo wa maphunziro sanaike ndi iye. Koma ndi iye amene ankatsegula laputopu n'kuyang'anizana ndi mwana wa zaka 7, mayi wake ataima kumbuyo akudikira kuona ngati ndalama zawo zikubala Wolf Gupta wina. Pa intaneti anthu ankagawana timavidiyo ta aphunzitsi akulephera kuyankha mafunso, n'kumawaseka kuti ndi amayi apakhomo osadziwa kanthu. Kampani inalonjeza zimene palibe mphunzitsi akanakwanitsa, ndipo manyazi ake anagwera amene analibe mawu pa lonjezolo.

Mphindi 120

Kuti timvetse kumene khalidweli linakakhwimira, tiyenera kuyang'ana kampani imene inagula WhiteHat Jr. Woiyambitsa, Byju Raveendran, ndi mwana wa aphunzitsi wochokera kumudzi wa Azhikode ku Kerala. Anatchuka pophunzitsa masamu kwa achinyamata okonzekera mayeso, mpaka makalasi ake ankadzaza mabwalo a masewera. Mu 2011 iye ndi Divya Gokulnath, amene ndi mkazi wake, anakhazikitsa kampani ku Bengaluru, ndipo mu 2015 anatulutsa pulogalamu ya pa foni yophunzitsira ana. Pofika 2022 oika ndalama ankati Byju's ndi ya madola 22 biliyoni, kuposa kampani ina iliyonse yatsopano ku India. Inali ndi antchito pafupifupi 50,000.

Gulu lalikulu la antchitowa silinali la aphunzitsi. Linali la ogulitsa, achinyamata ongotuluka kumene m'makoleji, okopeka ndi malipiro oposa amene anzawo ankalandira kwina. Ntchito yawo inali kuimbira foni makolo, kupangana tsiku, kupita kunyumba, kumufunsa mwana mafunso pamaso pa makolo ake, kenako n'kugulitsa tabuleti ndi maphunziro a zaka zingapo. Banja likakhala kuti lilibe ndalama, panali makampani obwereketsa amene ankalipiriratu, banjalo n'kumabweza mwezi ndi mwezi.

Kumapeto kwa 2021 a BBC analankhula ndi anthu amene anagwirapo ntchitoyi. Iwo anafotokoza za kugwira maola 12 mpaka 15 pa tsiku, ndiponso za lamulo lakuti munthu akapanda kukwanitsa mphindi 120 akulankhula ndi makasitomala pa foni, amalembedwa kuti sanabwere ku ntchito, malipiro a tsikulo n'kudulidwa. Taganizirani bwino zimenezi. Mphindi zowerengedwazo si zimene munthu wakhala pa desiki akuimba, koma zimene winawake mbali inayo wavomera kumvetsera. Bambo wotanganidwa akadula foni pa sekondi ya khumi, mphindi zako sizikuyenda. Ndiye umaphunzira kumugwira munthu pa foni, kumuchititsa mantha pang'ono za mwana wake, kumufunsa ngati akudziwa kuti ana a anzake ayamba kale. Palibe bwana amene ayenera kukuuza kuti uzinama. Wotchi ija imakuphunzitsa yokha.

Patatha chaka, atolankhani a Context, nthambi ya Thomson Reuters Foundation, analemba zofanana: mabwana okalipira anthu pagulu, kukanizidwa tchuthi ngakhale ukudwala, ndi ogulitsa amene ankavomera kuti ankakakamiza mabanja osauka kutenga ngongole zimene sankazimvetsa. Byju's inakana kuti limeneli ndi khalidwe la kampani, n'kunena kuti ili ndi njira zolandirira madandaulo komanso kuti silekerera mabwana ankhanza. Komabe mu Disembala 2022 bungwe la boma loteteza ufulu wa ana linaitanitsa Raveendran kuti akayankhe za kagulitsidwe kameneka, ndipo kumayambiriro kwa 2023 kampaniyo inalengeza kuti yasiya kutumiza ogulitsa m'makomo, ndiponso kuti izidzayamba yaona kaye ngati banja lingakwanitse kulipira.

Apa m'pamene ndimasiyana ndi amene amati mtima wa ntchito ku Byju's unafa chifukwa ndalama zinatha. Ndalama zinatha pambuyo. Mnyamata amene wagulitsa maphunziro kwa woyendetsa njinga yamoto, akudziwa kuti bamboyo sadzatha kubweza, wasiya kale kukhulupirira ntchito yake ngakhale malipiro akulowa pa tsiku lake. Chimene chimamusunga ndi ndalama basi. Kampani imene yasunga anthu ake ndi ndalama zokha ili ngati nyumba ya zidina yomata pulasitala wokongola: dzuwa likamawala palibe amadziwa, mvula ya masiku atatu ndiyo imaulula.

Okutobala ndi Novembala

Mvulayo inayamba mu 2022. Sukulu zinatsegulidwa, ana anabwerera m'makalasi, ndipo chiwongoladzanja chitakwera ku America oika ndalama anayamba kuumira. Byju's inali itamwaza ndalama pogula makampani ena: Aakash pa mtengo wa pafupifupi madola 1 biliyoni, Great Learning pa 600 miliyoni, Epic pa 500 miliyoni, Tynker pa 200 miliyoni. Mu Novembala 2021 inali itabwerekanso madola 1.2 biliyoni kunja. Mu Seputembala 2022 inatulutsa malipoti a zachuma a chaka chimene chinatha mu Malichi 2021, mochedwa kwambiri, ndipo anaonetsa kuti inaluza marupi 45.88 biliyoni. WhiteHat Jr payokha inaluza marupi pafupifupi 16.9 biliyoni m'chaka chimenecho.

Mu Okutobala kampaniyo inalengeza kuti ichotsa antchito 2,500. Ku Thiruvananthapuram, likulu la Kerala, chigawo cha kwawo kwa Raveendran, antchito a ofesi ya ku Technopark anakadandaula kwa nduna ya zantchito ya chigawocho, V. Sivankutty, kuti ofesi yawo ikutsekedwa ndipo akukakamizidwa kulemba makalata osiya ntchito. Raveendran atakumana ndi mtsogoleri wa boma la Kerala, Pinarayi Vijayan, ganizo lotseka ofesiyo linasinthidwa. Kumapeto kwa Okutobala Raveendran analembera antchito onse kalata yopepesa. Anati mtima ukumupweteka, ndipo anati iye sakuona ngati anthuwo achotsedwa koma ngati akupuma kaye, adzawaitananso zinthu zikadzayenda.

Pa 4 Novembala, patangopita masiku ochepa, Byju's inalengeza kuti Lionel Messi ndiye kazembe wa ntchito yake yothandiza ana osauka pa maphunziro. Masabata awiri pambuyo pake mpikisano wa World Cup unayamba ku Qatar, dzina la Byju's likuwala m'mbali mwa bwalo ngati mmodzi wa othandiza mpikisanowo. Dzina lomwelo linali pachifuwa pa jezi ya timu ya kriketi ya India. Kampani inafotokoza kuti mapanganowa anakonzedwa kalekale, ndipo zingatheke kuti zinali zoona. Koma munthu amene wangobweza chiphaso chake cha ku ofesi sawerenga madeti a mapangano. Amaonera mpira kunyumba kwa makolo ake, n'kumaona dzina la bwana wake wakale likuzungulira bwalo.

Otsala pa ntchito nawonso ankaona. Nthawi zambiri tikamakamba za kuchotsa anthu timaiwala otsalawo, chonsecho iwo ndi amene amasenza ntchito ya ochokawo, uku akuyang'ana foni kuti mwina yotsatira ndi yawo. Ndipo ku Byju's kuchotsa sikunachitike kamodzi n'kutha. Mu Juni 2023 kunachoka ena pafupifupi 1,000. Mu Seputembala mkulu watsopano wa nthambi ya ku India, Arjun Mohan, anayamba kukonza zochotsa ena 4,000 kapena kuposa. Iyenso anachoka mu Epulo 2024. Chapakati pa 2023 kanema wa mayi wina wogwira ntchito pa kampaniyo anafala m'dziko lonse, akulira, akunena kuti wauzidwa kuti asiye yekha ntchito apo ayi salandira malipiro, pamene pakhomo pake wopeza ndalama ndi iye yekha.

Zimene ankamvera m'nyuzi

Chinthu china chimene chinadya anthu mkati ndi chakuti nkhani zikuluzikulu za kampani yawo ankazimvera kunja. Mu Epulo 2023 apolisi a boma ofufuza za ndalama zakunja anachita chipikisheni m'maofesi a kampaniyo ku Bengaluru. Mu Juni, kampani yowerengera mabuku a chuma ya Deloitte inasiya, ikunena kuti malipoti amene inkadikira sakubwera. M'masiku omwewo anthu atatu oimira oika ndalama a Prosus, Peak XV ndi Chan Zuckerberg Initiative anatula pansi maudindo awo mu bodi, n'kusiya Raveendran, mkazi wake ndi mng'ono wake. Ku America obwereketsa madola 1.2 biliyoni aja anali kukhoti kufunsa kumene kunapita madola 533 miliyoni. Zinadziwika kuti ndalamazo zinatumizidwa ku kampani ina yosadziwika, Camshaft Capital, imene pa mapepala ena keyala yake inali ya lesitilanti yogulitsa zitumbuwa za azungu ku Miami.

Wogulitsa amene m'mawa wawerenga zimenezi, masana ayenera kuimbira kholo n'kulitsimikizira kuti lilipire maphunziro a zaka zitatu. Kholo nalonso lawerenga nyuzi yomweyo. Mphunzitsi naye akufunsidwa ndi makolo za ndalama zawo zimene anapempha kuti zibwezedwe miyezi yapitayo, ngati kuti iye ndiye amasunga thumba.

Kenako panatulukira za penshoni. Ku India olemba ntchito amadula 12 peresenti ya malipiro oyambira a wantchito, n'kuwonjezerapo gawo lawo, n'kutumiza ku thumba la boma lotchedwa EPF. Wantchito amatha kuona pa foni ngati ndalamazo zalowa. Mu 2023 anthu amene anagwirapo ntchito ku Byju's anayamba kuonetsa kuti pa pepala la malipiro ndalamazo zinadulidwa, koma ku thumbako kunalibe kanthu kwa miyezi. Kampani inalipira zina nkhaniyo itatuluka. Owerenga a ku Malawi sakufunika kuwafotokozera ululu wake, pakuti nakonso lamulo limati wantchito apereke 5 peresenti, bwana 10 peresenti, ndipo nkhani za mabwana odula koma osatumiza si zachilendo. Kuchedwa kwa malipiro munthu amatha kukumvetsa, amati mwina zinthu zavutadi. Koma ndalama imene yadulidwa kale m'dzina lako n'kusafika kumene imapita, imeneyo ili ndi dzina lina.

Makalata a bwana

Malipiro a Novembala 2023 anachedwa kwa antchito pafupifupi 1,000, ndipo kampani inati ndi vuto la makina. Mu Disembala, a Bloomberg analemba kuti Raveendran wapereka nyumba za banja lake ku Bengaluru ngati chikole kuti abwereke madola 12 miliyoni olipirira antchito 15,000. Izi siziyenera kuiwalika pomuweruza. Mabwana ambiri zikafika apa amangozimitsa foni.

Iye sanazimitse. Ankalemba makalata, ndipo makalatawo ndi amene amandipatsa chidwi kwambiri pa nkhani yonseyi. Anali otentha, odzaza ndi mawu a banja, a nkhondo, a kupirira limodzi. Kumayambiriro kwa 2024 anauza antchito kuti wakhala akuvutika koopsa mwezi uliwonse kuti apeze malipiro awo. Mu Januwale kampani inapempha eni masheya kuti aikemo madola 200 miliyoni, pa mtengo wosonyeza kuti yatsika ndi 99 peresenti. Eni masheya ena akuluakulu anakana njirayo, mu Febuluwale anavota kuti Raveendran achoke, ndipo nkhani inapita kukhoti. Khoti loona za makampani linalamula kuti ndalama zimene zasonkhedwa zisungidwe padera. Mu Malichi Raveendran analembera antchito kuti sangathe kuwalipira chifukwa cha anthu ochepa oika ndalama amene atseka thumbalo.

Mwina anali ndi mfundo, mwina eni masheyawo ndi amene anali nayo, pakuti iwo ankati ndalama zakale sizinalongosoledwe. Koma taonani pamene wantchito waikidwa. Akuuzidwa kuti mdani wake ndi kampani ya ku Netherlands kapena ya ku America imene sanaionepo, pa mkangano wa masheya amene iye alibe. Akupemphedwa kukhala msilikali pa nkhondo ya eni chuma, pamene mwini nyumba akugogoda pakhomo. Mawu akuti ndife banja amagwira ntchito pamene anthu anaonapo ubanjawo masiku abwino. Munthu amene ankadulidwa malipiro chifukwa cha mphindi 120 anaphunzitsidwa kale, ndi kampani yomweyo, kuti pano chilichonse chimawerengedwa. Tsopano iyenso anayamba kuwerenga.

Mwezi womwewo wa Malichi, Byju's inatseka maofesi ake ambiri m'dziko lonse, kusiya likulu la ku Bengaluru ndi malo ophunzitsirako ana, n'kuuza antchito kuti azigwirira kunyumba. Panali patatha pafupifupi zaka ziwiri chichokereni anthu 800 aja a WhiteHat Jr, amene anasiya ntchito chifukwa chokanizidwa chinthu chomwechi. Malipiro a miyezi yotsatira ankabwera mwa zidutswa. Mu Epulo nyuzi zinalemba kuti anthu ena akuchotsedwa pa foni, popanda nthawi yokonzekera: ukangomaliza kulankhula ndi a ofesi yoona za antchito, njira yolowera mu kompyuta ya kampani yatsekedwa.

Mapeto ake anabwerera ku jezi ija. Bungwe loyendetsa kriketi ku India, la BCCI, linasumira Byju's chifukwa cha ngongole ya marupi 1.58 biliyoni ya pangano lotsatsa malonda, ndipo mu Julayi 2024 khoti linavomera kuti kampaniyo ilowe mu ndondomeko ya makampani olephera kubweza ngongole. Ulamuliro unachoka m'manja mwa Raveendran n'kupita kwa munthu wosankhidwa ndi khoti. BCCI ndi Byju's zinayesa kugwirizana kunja kwa khoti, koma mu Okutobala khoti lalikulu kwambiri la India linathetsa mgwirizanowo obwereketsa a ku America atadandaula. Prosus inali italemba kale m'mabuku ake kuti masheya ake mu Byju's alibenso mtengo, ndipo mwezi womwewo Raveendran, akulankhula ndi atolankhani ali ku Dubai, anavomera kuti kampaniyo tsopano mtengo wake ndi ziro.

Antchito ndi amene anachoka kale anauzidwa kuti alembe mafomu a ngongole zawo, aphatikize mapepala a malipiro ndi a ku banki, atumize kwa woyang'anira uja, n'kuima pa mzere umodzi ndi mabanki, eni nyumba za maofesi ndi boma. Ena polemba mafomu a msonkho a chaka anapeza kuti msonkho umene unkadulidwa pa malipiro awo sukuoneka m'mabuku a boma, ndipo makalata ofunsa za ndalamazo ankafikira iwo.